Thangata

Thangata ndi ntchito yokakamiza imene anthu akuda okhala m'minda ya azungu ku Nyasaland (Malawi wa lero) ankagwira m'malo mwa lendi ya malo.

Kale mawuwa ankanena za kuthandizana kulima pakati pa anansi. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa azungu zikalata za umwini wa malo aakulu m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre, ndipo malonda a akapolo atangothetsedwa anthu a m'malowo anasanduka alendi. Ku Thyolo, ambiri mwa alendi anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalimira ndi kuthyola tiyi. Wokana thangata ankathamangitsidwa pamalopo. Lamulo la 1928 linalola eni minda kuchotsa alendi 10 pa 100 alionse zaka zisanu zilizonse.

Alendiwa analibe kokadandaula. Nyumba ya malamulo, imene inakhazikitsidwa mu 1907, inalibe munthu wakuda mpaka 1949, ndipo amene ankalankhulira anthu akuda anali mmishonale wachizungu. Thangata ndi chimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915 ndi zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo mu Ogasiti 1953, m'mene anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa mu 1962, chipani cha Malawi Congress Party chitapambana zisankho za 1961.

Chofanana ndi thangata: chibalo, ntchito yokakamiza ya ku Mozambique.