Kuchoka pa Mose wa Lero kufika pa 20 Julaye

Pa 19 Meyi 2009 Amalawi adachita zomwe adali asanachitepo chibwerere ulamuliro wa zipani zambiri: adavota osayang'ana kwambiri za chigawo. Bingu wa Mutharika, mbadwa ya ku Thyolo, adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo kumpoto adamuvotera ngati mwana wa pakhomo. Chipani chake cha DPP chidakolola mipando yoposa theka mwa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo. Zitangotha zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, apolisi a boma lomwelo adali kuthira anthu machaka m'misewu ya Mzuzu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre. Anthu 20 adafa, ndipo mzinda womwe udataya anthu ambiri ndi Mzuzu.

Chikondi cha 2009 sichidali chabodza ayi. Anthu adali asanaiwale njala ya 2002 ndi ya 2005. Bingu atayambitsa makuponi a fetereza wotsika mtengo, mvula nayo n'kugwa bwino, nkhokwe zidadzaza. Joseph Nkasa adamuimba kuti ndi Mose wa Lero, otsatira ake ankamutcha Chitsulo cha Njanji. Chinanso chidamuthandiza ndi adani ake. Atachoka mu UDF, chipani chomwe chidamunyamula mu 2004, n'kuyambitsa DPP mu 2005, aphungu a MCP ndi UDF adakakamira kuti sipikala ayambe wachotsa aphungu osamuka zipani motsata gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, bajeti ibwere pambuyo. Pa malamulo mfundo yawo idali yomveka. Koma mlimi wodikira kuponi yake adangoona anthu a masuti akuseweretsa chakudya cha ana ake. Ndi chifukwa chake zionetsero zina za m'nthawi ya Bingu zidali za mbali yake: ophunzira a m'makoleji ndi mabungwe ena adatuluka kukakamiza aphungu kuti avomereze bajeti.

Ndiye ovota adawalanga otsutsawo, kulanga kwake kopyola muyeso. MCP ya John Tembo idatsala ndi aphungu ochepa, UDF idangothawira kummawa. Pofika Novembala 2009 aphungu a boma adafika poti n'kuvota nawo posankha mtsogoleri wa mbali yotsutsa, ndipo mpandowo udapita kwa phungu wachinyamata wa MCP, Abele Kayembe, mpaka khoti lidaubwezera kwa Tembo. Boma losankhira otsutsa ake mtsogoleri! Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi dandaulo adadziwa kuti ku Nyumba ya Malamulo kulibe womulankhulira.

Aka sikadali koyamba dziko lino kusowa otsutsa m'Nyumbamo. Pa 8 Malichi 1992, nthawi ya chipani chimodzi, ndi maepiskopi a Katolika omwe adathyola chete ndi kalata yomwe idawerengedwa m'matchalitchi awo onse. Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege la Kamuzu pa 6 Epulo, ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre adayamba sitalaka mu Meyi, ndipo pa 14 Juni 1993 nyali ya zipani zambiri idagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi pa riferendamu. Mu 2002, Bakili Muluzi atafuna kupitiriza kulamula, bilu yake idaperewera mavoti atatu okha. Omwe adaimitsadi ganizolo ndi mipingo, maloya, ophunzira ndi makhoti, omwe adakana chiletso chake cha zionetsero. Bingu mbiri imeneyi ankaidziwa, popeza ndiyo idamutsegulira khomo. Koma adachita ngati iye siingamukhudze.

Kugawikana kudayambira pa sukulu. Mu 2009 boma lidabwezeretsa kota, ndondomeko yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, yomwe idaliko m'masiku a Kamuzu. Boma linkati likufuna chilungamo pakati pa maboma onse. Anthu akumpoto, omwe adali atangomupatsa mavoti, adaimva ngati mbama. Sinodi ya Livingstonia idalankhula mosapsatira, ndipo mu Ogasiti 2010 mlembi wake wamkulu, Mbusa Levi Nyondo, adamangidwa chifukwa cha mawu omwe adalankhula pamaliro. Nthawi yomweyo m'maminibasi ndi m'maofesi anthu ankanong'onezana za Mulhako wa Alhomwe, gulu la chikhalidwe lomwe Bingu adali mkhalakale wake, ati maudindo onona akupita mbali imodzi. Kaya zidali zoona kufika pati, chachikulu n'chakuti anthu adakhulupirira, ndipo boma silidavutike n'kuwatsimikizira kuti si choncho.

Kenaka idabwera nkhani ya mpando. Zidaonekeratu kuti Bingu akukonzera njira mng'ono wake, Peter. Wachiwiri wake, Joyce Banda, atakana kuwomba m'manja, adachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010 pamodzi ndi Khumbo Kachali. Pa udindo wa boma sakadatha kumuchotsa, choncho adangomusala. Chaka chomwecho mbendera idasinthidwa: dzuwa lotuluka lidachotsedwa, padaikidwa dzuwa lathunthu loyera, ati chifukwa Malawi watukuka kale. Mafumu ankaonetsedwa pa kanema wa MBC akuyamikira. Ndege ya pulezidenti idagulidwa, dziko la Britain n'kudula thandizo lina. Mu Okutobala 2010 Robert Mugabe ndi Rupiah Banda adabwera ku Nsanje kudzatsegulira doko, koma bwato lomwe anthu ankalidikira lidagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique lisanafike. Zisankho za makhansala zinkangosunthidwa. Gawo 46 la malamulo a milandu lidasinthidwa kuti nduna izitha kuletsa nyuzipepala. Maepiskopi a Katolika adalembanso kalata kumapeto kwa Okutobala 2010, koma ku nyumba ya boma sadaitole.

Zonsezi anthu akadapirira, monga adapiririra zambiri m'mbuyomu, chikhala kuti m'thumba mudali bwino. Koma fodya, yemwe ndiye amabweretsa ndalama zakunja zochuluka, adagulidwa motchipa mu 2011. Bingu, katswiri wa zachuma yemwe adatsogolerapo bungwe la COMESA, adakana kugwetsa kwacha monga a IMF ankafunira, ponena kuti wovutika adzakhala mmphawi. Apa adali ndi mfundo, tisamunamizire. Vuto lake lidali loti madola adasowa m'mabanki n'kumapezeka pamsika wamseri, ndipo popanda madola mafuta sabwera. Amene adakhalapo m'tauni nthawi imeneyo akukumbukira zigubu, mizere ya galimoto yokhota ngodya ziwiri, abambo kugona pa filing'i siteshoni kudikira thanki yomwe palibe ankadziwa tsiku lake lofika. Mitengo ya minibasi idakwera, magetsi ankangothimathima, m'zipatala mankhwala adachepa. Chikhulupiriro cha anthu pa boma chidathera pamizere imeneyo, pomwe wa DPP ndi wa MCP ankaima limodzi usiku wonse n'kumacheza.

Moto weniweni udabuka m'kalasi. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College ku Zomba, kukamufunsa chifukwa chomwe adauzira ophunzira ake kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kubala zomwe zidachitika ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso la aphunzitsi anzake lidali lapafupi: kodi mkulu wa apolisi wadziwa bwanji zolankhulidwa m'kalasi? Motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, adaleka kuphunzitsa mpaka Mukhito apepese ndipo boma lilonjeze kuti m'makalasi simukhalanso akazitape. Bingu adati mkulu wa apolisi sapepesa. Aphunzitsi anayi adachotsedwa ntchito, koleji idatsekedwa, ndipo mkanganowo udatha pafupifupi miyezi isanu ndi itatu. Nduna ya zamaphunziro nthawiyo idali Peter Mutharika. Kupepesa kwa mphindi imodzi kukadatha nkhaniyo sabata yoyamba.

Mu Epulo kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, adapirikitsidwa, kalata yake yachinsinsi yonena kuti Bingu wayamba nkhanza ndipo safuna kudzudzulidwa itatuluka m'nyuzipepala. Kumuthamangitsako kudangoikira umboni zomwe adalembazo. Maiko othandiza, omwe ankapereka pafupifupi 40 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti, adayamba kufumbata manja. Nduna ya zachuma, Ken Kandodo, idabweretsa bajeti yodzidalira, yomwe kwa munthu wamba idatanthauza misonkho yatsopano. Mu Julaye Bingu adasainira lamulo lovutitsa anthu kutenga ziletso za khoti zotsutsana ndi boma. Njira ya kukhoti nayo idayamba kutsekeka.

Okonza zionetsero za pa 20 Julaye sadali a zipani. Adali a mabungwe omenyera ufulu, a mipingo ndi a ogwira ntchito, monga Undule Mwakasungula, Rafiq Hajat, Moses Mkandawire ndi Mbusa MacDonald Sembereka. Adalemba chikalata cha madandaulo 20 ndipo adapempha anthu kuvala zofiira. Andale otsutsa adangokwera basi yoyenda kale. Dzulo lake, pa 19, anyamata okwera magalimoto a DPP adazungulira m'tauni ya Blantyre akunola zikwanje pamsewu masanasana, ojambula akujambula, apolisi osamanga ndi mmodzi yemwe. Usiku womwewo munthu wina adakatenga chiletso kukhoti.

Chiletsocho ndicho chidasokoneza zinthu. Mmawa wa Lachitatu anthu adasonkhana, ambiri osadziwa za chiletso, apolisi n'kuwatsekera njira. Pamene maloya ankathamanga kuti chichotsedwe, dzuwa linkakwera, mitima inkatentha, utsi wokhetsa misozi udayamba kuphulika. Pomwe chiletso chinkachotsedwa, gulu lidali litabalalika kale ndipo atsogoleri sakadathanso kuliwongolera. Masitolo adathyoledwa, makamaka omwe anthu ankawaganizira kuti ndi a akuluakulu a chipani cholamula, koma ndi a anthu osalakwa omwe. Apolisi adagwiritsa ntchito zipolopolo zenizeni. Atolankhani adamenyedwa, ndipo bungwe la MACRA lidaletsa mawayilesi kuulutsa zomwe zinkachitika. Nanga Bingu adali kuti? Adali ku nyumba ya boma ku Lilongwe, akupereka phunziro la zachuma ndi ufulu wodzilamulira kwa anthu oitanidwa, MBC ikuulutsa. Zipolowe zidapitirira mpaka pa 21. Ena mwa ophedwa ku Mzuzu adaikidwa pamodzi kumanda a Zolozolo.

Mtsogoleri wina akadapita kukakhuza maliro. Bingu, polankhula kwa apolisi ku Zomba patapita masiku awiri, adatchula maina a okonza zionetsero n'kulonjeza kuti awasaka kulikonse komwe abisale. Dziko la America lidaimitsa thandizo la madola 350 miliyoni lomwe lidali lokonzera magetsi. Pa 16 Ogasiti, pamapemphero a dziko lonse ku Comesa Hall mu Blantyre, Ambuye Joseph Zuza a dayosizi ya Mzuzu adalalika pamaso pa Bingu kuti munthu wodziyesa wodziwa zonse, wosamva za anzake, ndi chindere. Sadatchule dzina, koma aliyense m'holomo adamva.

Miyezi yotsatira idali ya mantha. Ofesi ya Hajat mu Blantyre ndi nyumba ya Sembereka ku Balaka zidatenthedwa. Pa 24 Sepitembala, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe ankadzudzula boma, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adati wadzipha. Komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Mabungwe nawo adafooka. M'bindikiro womwe adakonza pa 17 Ogasiti adausuntha n'kulowa zokambirana zomwe a United Nations adayimira pakati, ndipo anthu ambiri adayamba kukayikira atsogoleri a zionetserowo pafupifupi ngati momwe ankakayikirira boma. Mu Malichi 2012 bungwe la mipingo la PAC lidauza Bingu kuti atule pansi udindo pasanathe masiku 60, apo ayi aitanitse riferendamu.

Masikuwo sadakwane. Pa 5 Epulo 2012 Bingu adagwa ndi matenda a mtima ku nyumba ya boma. Kwa masiku awiri boma lidabisa imfa yake, thupi n'kulitumiza ku South Africa ngati wodwala, nduna zisanu ndi imodzi zikuuza dziko pakati pa usiku kuti Joyce Banda sangalowe m'malo. Mkulu wa asilikali, Henry Odillo, adaima ndi malamulo, ndipo pa 7 Epulo mayi yemwe adasalidwa uja adalumbira. Zomwe zidatsatira n'zochititsa manyazi: aphungu omwe dzulo lake ankamunyoza adathamangira ku chipani chake cha PP atavala zaolenji. Mbendera yakale idabwerera, gawo 46 lidafafanizidwa ndi manja omwewo omwe adalivomereza, ndipo kwacha idagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi.

Zionetsero za 2011 sizidachotse boma, koma zidaphunzitsa m'badwo wina njira ya kumsewu. Mu 2019, chisankho cha Tipp-Ex, chomwe Peter Mutharika adalengezedwa kuti wapambana, chitachitika, omenyera ufulu a HRDC motsogozedwa ndi Timothy Mtambo ndi Gift Trapence adayenda miyezi yambiri kufuna kuti Jane Ansah achoke pa mpando wa bungwe loyendetsa zisankho. Ulendo uno asilikali ndiwo ankateteza oyendawo, ndipo khoti lidafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Lazarus Chakwera adapambana mu Juni, Mtambo n'kulandira unduna.

Boma lobadwa m'zionetsero lija nalo lidafika pa mizere ya mafuta ndi kusowa kwa madola. Mu Juni 2025 anthu onyamula zikwanje adavulaza womenyera ufulu Sylvester Namiwa pazionetsero mu Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Pa 16 Sepitembala chaka chomwecho Amalawi adachotsa Chakwera n'kubwezera mpando kwa Peter Mutharika ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse, wachiwiri wake ali Jane Ansah.