Malekodi a bebop otulutsidwanso: zimene osonkhanitsa afunika kudziwa

Bebop ndi mtundu wa nyimbo za jazi umene unayambila mu mzinda wa New York ku America cakumayambililo kwa zaka za m'ma 1940. Oimba acikuda anali kukumana usiku ku Harlem, maka-maka pa Minton's Playhouse, n'kumayesa kaimbidwe katsopano kothamanga kwambili. Ena mwa amene anakhazikitsa kaimbidweka ndi Charlie Parker woliza sakisofoni, Dizzy Gillespie woliza lipenga, Thelonious Monk ndi Bud Powell oliza piyano, ndiponso Kenny Clarke ndi Max Roach oimba ng'oma.

Ciyambi ca bebop sicinajambulidwe mokwanila. Kucokela mu 1942 kufikila mu 1944, bungwe la oimba ku America linaletsa mamembala ake kujambulitsa nyimbo ku makampani a malekodi cifukwa ca mkangano wa malipilo. Ciletsoco citatha, makampani ang'ono-ang'ono monga Savoy, Dial ndi Blue Note ndi amene anajambula oimbawa. Pa 26 November 1945, Parker anajambulitsa nyimbo ya Ko-Ko ku Savoy, imene akatswili amaiwelengela pakati pa nyimbo zofunika kwambili za bebop.

Malekodi a nthawi imeneyo anali kuzungulila maulendo 78 pa mphindi imodzi. Anali osacedwa kusweka, ndipo mbali imodzi inali kutenga mphindi pafupi-fupi zitatu cabe. Malekodi aatali a LP anabwela mu 1948, ndipo maCD anayamba kugulitsidwa mu 1982. Nthawi iliyonse pamene cipangizo catsopano cabwela, makampani anali kutulutsanso nyimbo zakalezo.

Osonkhanitsa amakonda kwambili zotulutsidwanso zokhala ndi nyimbo zimene zinasiyidwa poyamba. M'cipinda cojambulila, oimba anali kubweleza nyimbo imodzi kangapo, koma kampani inali kusankhapo imodzi. Popeza woimba bebop amapeka mbali yake nthawi yomweyo pamene akuliza, palibe kubweleza kumene kunafanana ndi kunzake. Kampani ya Mosaic, imene anayambitsa Michael Cuscuna ndi Charlie Lourie, inachuka cifukwa cosonkhanitsa zonsezi m'mabokosi ocepa ciwelengelo. Mu 1990 inatulutsa zimene Dean Benedetti anajambula yekha m'malo oimbila mu 1947 ndi 1948. Munthuyu anali kuyatsa makina ake pokha-pokha Parker akayamba kuliza mbali yake.

Zina zinapezeka patapita zaka zambili. Konsati ya Gillespie ndi Parker ya pa Town Hall ku New York, ya mu June 1945, inatulutsidwa mu 2005. Caka comweco, ku Library of Congress kunapezeka matepi a Monk ndi John Coltrane akuimba pa Carnegie Hall mu 1957, amene anajambulidwa ndi wailesi ya Voice of America.

Wogula afunika kusamala pa zinthu zitatu. Coyamba ndi gwelo la mau. Zotulutsidwa kucokela ku matepi kapena malekodi oyambilila zimamveka bwino kuposa zokopedwa ku maCD ena. Caciwili ndi kayeletsedwe ka mau, cifukwa kucotsa phokoso lakale mopitilila malile kumaphanso kukoma kwa ziimbilo. Cacitatu ndi kabuku ka m'kati, kamene kayenela kuonetsa tsiku, malo ndi maina a oimba.

Citsanzo cabwino ndi konsati ya pa Massey Hall ku Toronto, ya pa 15 May 1953. Pa lekodi yoyamba, Parker analembedwa kuti Charlie Chan cifukwa anali pa pangano ndi kampani ina. Ndiponso Charles Mingus anajambulanso mbali yake ya besi pambuyo pake n'kuiwonjezelapo. Zotulutsidwanso zina zinacotsa zowonjezelazo, conco wogula ayenela kuwelenga kuti adziwe cimene wagwila m'manja.

Nchito yosonkhanitsa imeneyi imathandizanso kusunga mbili. Mu June 2008, moto umene unabuka ku Universal Studios ku California unatentha matepi oyambilila ambili-mbili a nyimbo zosiyana-siyana, kuphatikizapo za jazi. Tepi yoyambilila ikawonongeka, nyimbo imapulumuka kupitila m'makope amene makampani, nyumba zosungila zakale ndi osonkhanitsa anasunga. Parker anamwalila mu 1955 ali ndi zaka 34, ndipo anthu a masiku ano amamva kaimbidwe kake kupitila m'zojambulidwa zimenezi.