Chisamaliro cha okalamba othyoka fupa la m'chiuno m'zipatala

Kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, kumene kumachitika kumutu kwa fupa la ntchafu pamene limalowa m'chiuno, ndi imodzi mwa ngozi zoopsa kwambiri kwa anthu okalamba. Nthawi zambiri munthu amangoterereka kubafa kapena kupunthwa pakhomo, koma chifukwa mafupa anafooka ndi ukalamba, fupa limathyoka. Amayi amene anasiya kusamba ndiwo amathyoka kwambiri. Kachilombo ka HIV ndi mankhwala ena otalikitsa moyo, monga tenofovir, nazonso zimafooketsa mafupa, ndipo m'chigawo chino anthu ambiri akukalamba akumwa mankhwalawa.

Chimene chimapha wodwala kawirikawiri ndi kugona nthawi yaitali osadzuka. Wokalamba akagona chagada kwa masabata amadwala chibayo, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, pathako ndi kuzitendene pamatuluka zilonda, ndipo ena amasokonezeka maganizo. N'chifukwa chake madokotala amafulumira kuchita opaleshoni yolumikiza fupalo ndi zitsulo kapena yoika mutu wa fupa wopanga, kuti wodwala adzuke n'kuyamba mafizo tsiku lotsatira.

Dziko la Britain linasonyeza kuti kusintha kayendetsedwe ka ntchito m'chipatala kumapulumutsa miyoyo. Maganizowa anayambira m'tauni ya Hastings, kumene Michael Devas, dokotala wa mafupa, ndi Bobby Irvine, dokotala wa matenda a okalamba, ankaonera limodzi odwala m'zaka za m'ma 1960. Iwo anazindikira kuti wothyoka chiuno amabwera ndi matenda ena, monga a mtima, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene dokotala wa mafupa payekha sangathane nawo.

M'chaka cha 2007 mabungwe a British Orthopaedic Association ndi British Geriatrics Society anatulutsa malamulo a chisamaliro, kuphatikizapo lakuti opaleshoni ichitike pasanathe maola 48, ndipo anakhazikitsa kaundula wotchedwa National Hip Fracture Database. Zipatala zinayamba kulembamo za odwala awo, ndipo zotsatira zake zinkaikidwa poyera kuti chipatala chilichonse chidziyerekeze ndi zinzake. Mu 2010 boma linayamba kupereka ndalama zoonjezera ku zipatala za ku England zimene zachita opaleshoni pasanathe maola 36 ndiponso zaonetsa wodwala kwa dokotala wa okalamba pasanathe maola 72. Mu 2007 odwala pafupifupi 11 mwa 100 alionse ku England ankamwalira pasanathe masiku 30; pofika 2011 anatsika kufika pakati pa 8 ndi 9.

Kum'mwera kwa Africa zinthu n'zosiyana. Madokotala a mafupa ndi ochepa, a matenda a okalamba ndiye osowa zedi, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma wodwala amamukoka mwendo ndi zolemera kwa masabata angapo, njira imene imamusunga pabedi pomwe pali zoopsazo. Ena amafika mochedwa chifukwa cha mtunda ndi kusowa ndalama yoyendera. Ku Malawi, odwala ambiri othyoka amathandizidwa ndi madokotala othandizira a za mafupa, amene maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair. Mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinayamba ntchito pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kafukufuku wa Fractures-E3, wotsogoleredwa ndi University of Bristol, anawerenga ndi kutsatira odwala othyoka chiuno ku Zimbabwe, South Africa ndi Gambia, pofuna kuti maboma akhale ndi ziwerengero zenizeni.

Zina mwa zofunika sizidikira zipangizo zodula: mankhwala opha ululu pa nthawi yake, madzi ndi chakudya chokwanira, kutembenuza wodwala pafupipafupi, ndi kutumiza msanga ku chipatala chachikulu. M'zipatala zambiri za m'chigawo chino, amene amadyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala usiku ndi wachibale womudikirira, kotero namwino ayenera kumuonetsa kagwiridwe ka mwendo wothyokawo pa tsiku loyamba.