Ndere za m'nyanja ya mchere ndi khansa ya amayi athu

Munthu wa kuno ku Kasungu ukamutchulira ndere, maganizo ake amathamangira ku zobiriwira zoterera zija zimayandama m'maiwe a mtsinje wa Bua madzi akaphwera. Koma ndere zilipo zamitundumitundu. Za m'nyanja ya mchere zina n'zofiira, zina n'zodera, zina zimatalika kuposa mtengo wa bulugamu. Masiku ano mbiri yake yafika ngakhale kuno kopanda nyanja, ati zimachiza khansa. Nkhaniyi ili ndi pomwe idayambira, ndipo woidziwa bwino sangapusitsidwe msanga.

Mu 1913, katswiri wina wa ku Sweden, Harald Kylin, adatapa madzi a lende a ndere zodera n'kupezamo chinthu chimene lero chikutchedwa fucoidan. Patapita zaka, ofufuza ena adaona kuti akathira fucoidan pa maselo a khansa m'mbale za mu labotale, ena mwa maselowo amafa. Pa mbewa zoyeserapo mankhwala zotupa zina zidachedwa kukula. Kutchuka kwa ndere kudachokera apa. Koma taonani, zaka zoposa 100 zadutsa chipezereni Kylin, ndipo fucoidan sadavomerezedwebe ngati mankhwala ochiza khansa. Amagulitsidwa m'mabotolo ngati chakudya choonjezera, basi.

Tisanene kuti nyanja ilibe kanthu. M'zaka za m'ma 1950, Werner Bergmann wa pa yunivesite ya Yale adafufuza kanyama kooneka ngati siponji ka m'nyanja ya Caribbean. Zomwe adapezamo zidapatsa nzeru akatswiri ena kupanga cytarabine, mankhwala amene adavomerezedwa ku America mu 1969 ndipo mpaka pano akuthandiza odwala khansa ya m'magazi. Mu 1987, George Pettit wa ku Arizona adalengeza za dolastatin 10, poizoni yemwe adamupeza m'thupi mwa nkhono yopanda chigoba ya m'nyanja ya Indian Ocean. Pambuyo pake zidadziwika kuti poizoniyo amapangidwa ndi tizamoyo tonga ndere timene nkhonoyo imadya. Anali waukali zedi moti pawekha sadathandize odwala. Akatswiri adachita kumusintha n'kumumangirira ku chinthu china cholondola selo la khansa, ndipo mankhwala otere, a brentuximab, adavomerezedwa mu 2011. Kuchokera 1987 kufika 2011 ndi zaka 24.

Mlimi wa fodya sangadabwe nazo zimenezi. Mbande zikamera bwino pa nazale, palibe amene amakakongola ndalama n'kumati wapata kale. Pali kuwokera, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda, kenako belo likapikisane ndi anzake pa msika wa Chinkhoma, pomwenso likhoza kubwezedwa. Zopezeka mu labotale ndi mbande chabe. Mankhwala ayenera kuyesedwa pa anthu ochepa kuti aone ngati sapweteka, kenako pa ambiri kuti aone ngati achizadi, ndipo ochuluka amathera panjira.

Ndere zomwe nkhani yake yatiyandikira kwambiri ife Amalawi ndi zofiira. M'menemo mumachokera carrageenan, ufa umene a mafakitale amalimbitsira ayisikirimu ndi mankhwala otsukira mano. Ku Zanzibar, kwa anansi athu a ku Tanzania, ulimi wa ndere zimenezi udayamba mwamphamvu mu 1989, ndipo ambiri olima ndi amayi, amene amazimangirira pa zingwe m'madzi osaya. Monga fodya wathuyu, mbewuyo imachoka m'dziko isadakonzedwe, phindu lalikulu n'kukadyedwa kutsidya kwa nyanja.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi khansa? Mu 1983, Harald zur Hausen wa ku Germany adapeza mtundu wa kachilombo ka HPV m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo lero n'zodziwika kuti pafupifupi khansa yonse ya pamenepa imayamba ndi kachilomboka, komwe kamafala pogonana. Mu 2006, ofufuza a bungwe la National Cancer Institute ku America adaona kuti mu labotale carrageenan amakakamira kachilomboka n'kukalepheretsa kulowa m'selo. Nthawi yomweyo n'kuti bungwe la Population Council likuyesa mankhwala opaka a carrageenan otchedwa Carraguard pa amayi oposa 6,000 ku South Africa, cholinga chili kupewa HIV. Zotsatira zidatuluka mu 2008: mankhwalawo sankapweteka, koma HIV sadaitchinge. Chiyembekezo chidatsalira pa HPV. Kafukufuku wa yunivesite ya McGill ku Canada adasonyeza kuti amayi opaka carrageenan amatengako HPV mocheperapo, koma wina wochitika pa amuna sadapeze chitetezo chilichonse. Ndipo tisaiwale, apa akukamba zotchinga kachilombo. Chotupa chimene chamera kale n'china.

Kwa ife iyi si nkhani ya m'mabuku ayi. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya khomo la chiberekero yasautsa koposa pa dziko lonse. Ziwerengero za bungwe la WHO za 2020 zidati amayi oposa 4,000 adapezeka nayo chaka chimenecho, ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira. Ambiri amafika ku chipatala matenda atakula, atayamba ayesa kwina konse. Amenewa ndi amayi omwe amatunga madzi othirira nazale, amasoka fodya mpaka usiku, koma tsiku la malonda ndalama saiona. Fodya yemweyo, kwa mayi wosuta, amaonjezera mwayi woti HPV isanduke khansa.

Chodabwitsa n'chakuti zida zogonjetsera khansa imeneyi tili nazo kale, ndipo sizidachokere pansi pa nyanja. Katemera wa HPV adayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 boma lidayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Kwa amayi akuluakulu kuli kuyezetsa: namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo oyamba kuonongeka amayera, ndipo amatha kuwaotcha ndi kachipangizo tsiku lomwelo khansa isanayambe. Mu 2020 WHO idaika malire oti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atabayidwa, amayi 70 mwa 100 atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto atathandizidwa.

Ofufuza ndere apitirize ntchito yawo, pakuti cytarabine adatiphunzitsa kuti nyanja imabala ikapatsidwa nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma wina akabwera pa msika ndi kabotolo kolembedwa Chingerezi, kujambula kwake kuli ndere, n'kumati apa khansa yatha, mufunseni dziko limene lidavomereza mankhwalawo ndi chaka chake. Ndalama ya belo limodzi ikhoza kuthera m'timabotolo totere uku chotupa chikukula. Akuluakulu adati fodya n'uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bambo amene mwagulitsa fodya chaka chino, patulanipo ya basi, mayi akayezetse ku chipatala, ndipo mwana wamkazi uja asaphonye katemera.