Kusiya fodya mothandizana: momwe abwenzi ndi abale amathandizira wosuta kuleka

Kusiya fodya mothandizana ndi njira yomwe anthu awiri kapena gulu amagwirizana kuleka kusuta pa nthawi imodzi, n'kumayenderana ndi kulimbikitsana mpaka chibaba chitachepa mphamvu. Nthawi zina wothandizayo amakhala munthu yemwe adasiya kale, kapena wachibale yemwe sadasuteko. Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri m'madera olima fodya monga Nathenje ndi Mitundu, kummwera kwa boma la Lilongwe, komwe wosuta sasowa tsamba loti apichire.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi anthu osasuta omwe amangopuma utsi wa anzawo. Mwa osuta omwe sasiya, pafupifupi theka amafa ndi matenda obwera chifukwa cha fodyayo, monga khansa ya m'mapapo, matenda a mtima ndi sitiroko. Kusuta kumawonjezeranso chiopsezo cha chifuwa chachikulu cha TB.

Kuno ku Malawi osuta ambiri ndi abambo. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009, yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi WHO, adapeza kuti pafupifupi bambo mmodzi mwa anayi alionse a zaka 25 mpaka 64 ankasuta, pomwe amayi osuta anali atatu okha pa 100 alionse. Amayi ena, makamaka achikulire, amagwiritsa ntchito fodya wamphuno kapena woika mkamwa, yemwenso ali ndi nikotini.

Chifukwa chake kusiya kumavuta

Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, ndipo ubongo umazolowera kumulandira pafupipafupi. Munthu akasiya, amakwiya msanga, amasowa tulo, maganizo sakhazikika ndipo njala imachuluka. Zizindikirozi zimafika pachimake m'sabata yoyamba ndipo kwa ambiri zimachepa pakatha masabata awiri kapena anayi. Chibaba chenichenicho chimabwera ngati funde, chimakhala mphindi zochepa kenako n'kudutsa.

Gawo lina la vutoli ndi chizolowezi cha pagulu. Ku Nathenje, pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, kapena pa tsiku la msika ku Mitundu, ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi, choncho ngakhale wandalama zochepa amakwanitsa. Kumudzi, mlimi kapena waganyu amangothyola tsamba m'chigafa n'kupichira chingambwe papepala. Anthu amapatsirana ndudu pabawo, pamowa, pamaliro usiku komanso pasiteji ya kabaza, ndipo wokana amaoneka ngati akudzipatula. N'chifukwa chake munthu wosiya payekha kawirikawiri amagwa atakhala pakati pa anzake omwewo.

Zomwe kafukufuku adapeza

M'chaka cha 2008, akatswiri awiri a ku America, Nicholas Christakis ndi James Fowler, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 12,000 a m'dera la Framingham omwe adatsatiridwa kuyambira 1971 mpaka 2003. Iwo adapeza kuti anthu amasiya fodya m'magulumagulu. Mkazi kapena mwamuna wa munthu akasiya, mwayi woti munthuyo akhale akusutabe unkatsika ndi 67 peresenti. Bwenzi likasiya unkatsika ndi 36 peresenti, mnzake wa kuntchito pakampani yaing'ono akasiya unkatsika ndi 34 peresenti, ndipo mchimwene kapena mchemwali akasiya unkatsika ndi 25 peresenti.

Ganizo lothandizanali si latsopano. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dokotala J. Wayne McFarland ndi mbusa Elman Folkenberg a mpingo wa Seventh-day Adventist adafalitsa ndondomeko yosiyira fodya m'masiku asanu. Anthu ankasonkhana madzulo asanu otsatizana ndipo aliyense ankakhala ndi mnzake woti azifunsana naye za momwe tsiku layendera.

Mu July 2024, WHO idatulutsa malangizo ake oyamba a chithandizo cha akuluakulu ofuna kusiya fodya. Malangizowa amalimbikitsa uphungu wachidule wochokera kwa ogwira ntchito zachipatala, uphungu wa pagulu kapena wa pafoni, komanso mankhwala monga varenicline, cytisine, bupropion ndi nikotini wa m'chingamu kapena womata pakhungu. Uphungu ukaphatikizidwa ndi mankhwala, mwayi wosiyiratu umakula.

Momwe kuthandizana kumayendera

Osiyawo amasankha tsiku limodzi losiyira, makamaka la mkati mwa masabata awiri akudzawo, n'kuuza a pabanja ndi anzawo. Tsikulo lisanafike amachotsa ndudu, machesi ndi mapepala opichirira m'nyumba ndi m'matumba.

M'sabata yoyamba ndi bwino kuonana kapena kuimbirana foni tsiku lililonse, makamaka pa nthawi zomwe munthuyo ankakonda kusuta: m'mawa, akatha kudya nsima, kapena akaweruka kumunda. Chibaba chikabwera, mnzakeyo amamuthandiza kudikira mphindi zochepazo pocheza naye, kumwa madzi, kutafuna nzimbe kapena mtedza, ngakhalenso kuyenda pang'ono. Popeza mowa ndi womwe umagwetsa ambiri, ena amagwirizana kuupewa m'masabata oyambirira.

Wothandiza wabwino amayamikira tsiku lililonse lomwe ladutsa popanda fodya. Kunyoza, kulondalonda munthu kapena kumununkhiza zovala kumangomuchititsa kusuta mobisa. Akagwa n'kusuta ndudu imodzi, chofunika ndi kufufuza chomwe chidamugwetsa ndi kuyambiranso tsiku lomwelo, chifukwa ambiri omwe adasiyiratu adayesa kangapo asanapambane.

Magulu oti n'kuyambirapo alipo kale m'midzi: mabanki m'khonde, makalabu a alimi, mabungwe a abambo ndi amayi m'mipingo, ndi matimu a mpira. Gulu la banki m'khonde lili ndi mwayi wapadera, poti ndalama yomwe ikadapita ku ndudu itha kuponyedwa ngati sheya, munthu n'kumaona phindu lake m'buku. Alangizi a zaumoyo a m'midzi komanso ogwira ntchito pachipatala cha Nathenje ndi cha Mitundu ndi oyenera kufunsidwa, makamaka ngati wosiyayo ali ndi chifuwa chosatha, akutsika thupi, ali ndi BP kapena ndi woyembekezera.

Phindu lake

Malinga ndi WHO, pakatha mphindi 20 munthu atasiya, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi kumayamba kutsika. Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9, kutsokomola ndi phuma zimachepa. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta, ndipo pakatha zaka 10 chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsikanso chimodzimodzi. Wosiya ali ndi zaka 30 amawonjezera pafupifupi zaka 10 pa moyo wake, ndipo wosiya ali ndi zaka 60 amawonjezera pafupifupi zitatu.

Mbali ya boma

Dziko la Malawi, lomwe limadalira fodya wa burley pa ndalama zakunja, lidavomereza pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya mu August 2023, ndipo lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu November chaka chomwecho. Gawo 14 la panganoli limalamula maiko kuthandiza ofuna kusiya fodya, pomwe gawo 17 limakamba zothandiza alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Panganoli sililetsa kulima fodya, choncho mlimi wa ku Mitundu yemwe amatumiza mabelo kumsika wa Kanengo atha kusiya kusuta popanda kutaya ulimi wake. Tsiku la 31 May, lomwe dziko lonse limakumbukira kuipa kwa fodya, ndi limodzi mwa masiku omwe magulu angasankhe kuti ayambirepo.