Zithunzi za Russell: Kuchokera M'bala Kukafika pa Okushoni

Charles M. Russell anafika ku Montana, m'dziko la America, mu 1880, ali mnyamata wochokera ku St. Louis, ndipo anakhala zaka zambiri akuweta ng'ombe za eni ake. Kujambula kunali kongotayitsa nthawi. Zithunzi zake zoyamba, za abusa apakavalo ndi za eni nthaka monga a Blackfeet, ankangogawira anzake, zina n'kumazisiya m'mabala. Sid Willis, mwini bala ya Mint ku Great Falls, anadzaza nazo makoma.

Amene anaona ndalama m'manja mwa Russell anali Nancy Cooper, yemwe anakwatiwa naye mu 1896. Mayiyu ndiye ankatchula mtengo, ndipo sankagwa mphwayi ogula akanyinyirika. Anatengera ntchito za mwamuna wake ku New York, ndipo mu 1914 anakazionetsa ku London. Pamene Russell ankamwalira mu 1926, zithunzi zake zinali zitasiya kale kukhala zaulere.

Koma msika waukulu unali kutali ndi kumene zithunzizo zinabadwira. Mu 1952 zonse za m'bala ya Mint zinagulidwa ndi Amon Carter wa ku Fort Worth, ku Texas, anthu a ku Montana atalephera kusonkha ndalama zoti zikhale kwawo. Ine ndimaona ngati manyazi amenewa ndi amene anawadzutsa. Mu 1969 ku Great Falls kunayamba okushoni ya chaka ndi chaka yokumbukira Russell, phindu lake n'kumathandiza nyumba yosungira ntchito zake.

Kenaka eni magalare, nyumba zogulitsiramo zithunzi, anatola nzeru. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Bob Drummond wa ku Idaho, Stuart Johnson wa ku Tucson ndi Peter Stremmel wa ku Reno anasiya kulimbirana makasitomala n'kuyambitsa Coeur d'Alene Art Auction, imene pambuyo pake inasamukira ku Reno. Ena anatsatira. Scottsdale Art Auction inayamba mu 2005, mwa mgwirizano wa Michael Frost wa ku New York, Jack Morris wa ku South Carolina ndi Brad Richardson wa ku Arizona. Mu 2007 Trailside Galleries ndi Gerald Peters Gallery anatsegula yawo ku Jackson Hole.

Chinawagwirizanitsa n'chakuti aliyense ali ndi chimene mnzake alibe. Mwini galare amadziwa mabanja amene asunga chithunzi kuyambira nthawi ya agogo awo, amadziwa manja amene chadutsamo, ndipo amazindikira chachinyengo. Koma amagulitsa mwakachetechete, kwa munthu mmodzimmodzi, mwina chithunzi n'kutha chaka chili pakhoma. Okushoni imasonkhanitsa olemera onse m'chipinda chimodzi tsiku limodzi, n'kuwasiya apikisane poyera. Mwini katundu amaika mtengo umene sangatsikepo, wogula amawonjezera gawo la nyumbayo pamwamba pa mtengo umene wapambana nawo, ndipo malonda amatha m'mphindi zochepa. Mu 2005, pa Coeur d'Alene, chithunzi cha Russell chotchedwa Piegans chinapita pa madola 5.6 miliyoni, osati ku New York, koma ku Reno.

Ndimawatamanda amalondawa chifukwa anakana zoti luso la kumadzulo kwa America ndi la kumudzi, loyenera kudikira akuluakulu a m'mizinda kuti alitchulire mtengo. Komabe pali pamene ndimaima kaye. Wotsogolera okushoni ndi yemweyo amene ali ndi zithunzi zofanana m'sitolo mwake. Mtengo ukakwera poyera, katundu wake yense wakwera nawo. Mlimi amene anaimapo pambali pa mabelo ake a fodya ku Kanengo amadziwa kufunsa kuti okhazikitsa mtengo ndi ndani, ndipo akudya ndi yani.

Funsolo limafika patali. Malamulo a dziko la America sapatsa wojambula gawo lililonse chithunzi chake chikagulitsidwanso. Nawo a Piegan, gulu la a Blackfeet, amene makolo awo ndiwo ali pachinsalucho, akadali ku Montana komweko, ndipo pogawana phindu sawerengedwa. Mgwirizanowu unabwezera msika kwawo, koma unaubwezera kwa amalonda ndi osunga zithunzi okha.