Chaka Chimene Mabuku a Sukulu Anaimitsa Migodi ku Kanawha

M'chaka cha 1974, boma la Kanawha m'chigawo cha West Virginia ku America linkadziwika ndi migodi ya malasha komanso mafakitale ozungulira mzinda wa Charleston. Ana a sukulu analipo pafupifupi 45,000. Mabuku awo ankasankhidwa ndi aphunzitsi, bodi ya maphunziro n'kungovomereza. Kholo linkaliona buku mwana akabwera nalo kunyumba, zonse zitatha kale.

Mu Epulo chaka chimenecho, komiti ya aphunzitsi inabweretsa mabuku oposa 300 a phunziro la Chingelezi. Akuluakulu a maphunziro m'chigawocho anali atalamula kuti mabuku azionetsa moyo wa mitundu yonse ya anthu, choncho munalowa zolemba za anthu akuda monga Malcolm X ndi Eldridge Cleaver. Mayi Alice Moore, membala wa bodi yemwenso anali mkazi wa m'busa, anapempha kuti ayambe awawerenga. Zimene anapezamo sizinawasangalatse. Iwo anati munali mawu otukwana, nkhani zonyoza chikhristu ndi mafunso ophunzitsa mwana kukayikira makolo ake.

Pa 27 Juni anthu oposa 1,000 anakhamukira ku msonkhano wa bodi. Malo atadzaza, ena anaima panja mvula ikuwakuntha, kumamvetsera kudzera m'mawindo. Bodi inavomereza pafupifupi mabuku onse: mamembala atatu anavomera, awiri anakana.

Apa mpamene panagona vuto. Makolo ambiri anali asanagwireko ngakhale buku limodzi. Chimene chinkawafika m'matchalitchi ndi m'misewu chinali timapepala tokhala ndi ziganizo zoduladula, ndipo zina mwa izo sizinachokere n'komwe m'mabuku amene bodi inavomereza. Mphekesera inayenda liwiro kuposa buku lenileni.

Sukulu zitatsegulidwa pa 3 Sepitembala, pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu aliwonse anatsala kunyumba. Azimayi anaima ndi zikwangwani pa zipata za migodi, ndipo anthu zikwizikwi okumba malasha ananyanyala ntchito. Mabasi a mumzinda anaima. Kenaka zinthu zinafika poipa: sukulu zina za pulayimale zinaphulitsidwa ndi dainamaiti, mabasi a sukulu anawomberedwa, anthu anavulala. M'busa Marvin Horan, mmodzi wa atsogoleri a zionetserozo, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu pa mlandu wopangana zophulitsa sukulu.

Si makolo onse amene ankadana ndi mabukuwo. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, abusa ena ndiponso ophunzira a ku sekondale anawaikira kumbuyo, ponena kuti mwana wakuda nayenso ayenera kudzipeza m'buku la kusukulu kwake. Makolo okwiya aja anali ndi chifukwa chomveka pofuna kuona zimene ana awo akuwerenga. Analakwa pofuna kutsekera mabuku ana a anzawo, ndipo amene anagwira mfuti ndi dainamaiti anaika pachiswe ana omwewo amene ankati akuwateteza.

Mu Novembala bodi inabwezera mabuku ambiri m'makalasi. Ena amene anautsa mapiri pachigwa anaikidwa m'laibulale kuti mwana aziwerenga pokhapokha kholo lake litalola. Makolo anapatsidwanso mipando m'makomiti ounika mabuku, chinthu chimene chikanatheka mu Epulo popanda wovulala.

Chaka chomwecho, nyumba ya malamulo ku Washington inapatsa makolo ufulu woona zipangizo zophunzitsira zogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku m'sukulu. Mu 1978 phungu Orrin Hatch analimbitsa lamulolo. Mu 2002 linakulitsidwanso, ndipo tsopano sukulu zolandira ndalama za boma lalikulu la America ziyenera kukhala ndi ndondomeko yolola kholo lililonse lopempha kuona mabuku ndi zida zina zophunzitsira mwana wake, kupatula mapepala a mayeso.